Manja a Bambo Nguli

Sunthirani mbaulayo uko, utsi ukundilowa m'maso. Iwe wa mpeni wobunthawe, mbatatesi sasenda ngati ukusema mpini, theka lonse ukutaya ndi makoko. Ehee, choncho. Tsono mwati mukufuna nkhani ya mizimu kuti ntchito ya ukwatiyi iyende? Chabwino, koma manja asaime. Mzimu wa m'nkhani yangayi sunapweteke munthu, unangotithera mapensulo. Wokayika afunse mboni yanga, uyo akudula kabichi apoyo, Sakina. Iyeyo sanama, amangothira mchere wambiri.

Tinali Fomu 2 pa sekondale yoyendera pa Ulongwe. Ine Enifa, mwana wa mayi wa Mvano, woimba kwaya Lamulungu lililonse. Sakina mwana wa a Twaibu atelala, mpango kumutu, Lachisanu ku mzikiti. Aphunzitsi anatikhazika pa desiki imodzi chifukwa tonse tinali aafupi, basi, palibe china. Sabata yoyamba sitinalankhulane. Ine kwathu anandiuza kuti anthu a ku mzikiti amadziwa mankhwala, ukawabwereka cholembera umayamba kulota zachilendo. Iye kwawo anamuuza kuti ife Akhristu timadya chilichonse choyenda, ndipo tikakupatsa chitumbuwa udziwe kuti chakazingidwa m'mafuta a nkhumba. Ndiye aliyense ankakhala chikwama pamiyendo, chigongono chake kumbali kwake.

Chimene chinatilumikiza ndi ulesi wa masamu. Tsiku lina ndinkajambula kumapeto kwa kope kamunthu ka maso atatu, mutu wosongoka kunsi ngati nguli. Sakina anasuzumira, n'kutenga cholembera chake n'kulemba pamwamba pa kamunthuko kuti, "Pepani, kuno ndiye dziko lapansi? Nanga chimbudzi chili kuti?" Ndinaphulika kuseka mpaka aphunzitsi anatitulutsa tonse awiri kukatchetcha. Bambo Nguli anabadwa tsiku limenelo, ndipo ine sindinalote chachilendo chilichonse.

Tinagula kope lalikulu lopanda mizere n'kuyamba nthano ya zithunzi, ija mumati katuni. Ine kujambula timabokosi ndi anthu, Sakina kulemba mawu m'timitambo totuluka pakamwa pawo. Bambo Nguli anali mlendo wochokera kuseri kwa nyenyezi ya Nthanda. Ankadya mabatire akutha a wailesi, ndipo akamwa thobwa makutu ake ankayaka ngati tochi. Akuluakulu a kwawo anam'tuma kudzasankhula anthu a pa Ulongwe m'mitundu yawo, n'kum'patsa makina oyezera. Anthu anamuuza kuti awa ndi Asilamu, awa Akhristu, awa Ayao, awa Angoni, usawasakanize. Koma makinawo akaikidwa pachifuwa cha munthu ankangolemba kuti "Uyu ali ndi njala," kapena "Uyu nsapato ikumuthina," kapena "Uyu wasowa amake." Lachisanu mlendoyo ankapita ku mzikiti, Lamulungu ku tchalitchi, ndipo konseko ankaima pakhomo n'kufunsa mwaulemu kuti, "Odi, mwini nyumba alipo?" Konseko ankamuyankha kuti alipo, ndiye mutu wake unkangozungulira.

Tsono ine ndinali ndi zilema ziwiri pa ntchitoyi. Choyamba, manja. Ndikati ndijambule dzanja, chinkatuluka ndi phava la nthochi. Ndiye anthu anga onse manja ankakhala m'thumba kapena kumbuyo, ndipo Bambo Nguli makina ake akavuta ankawamenya ndi mutu. Chachiwiri, galimoto yake. M'mabuku ong'ambika a ku laibulale ya sukulu tinaona kuti alendo a kunyenyezi amayenda m'mbale zouluka. Ndinajambula mbale yanga yotakata bwino, n'kuikamo timizere topingasa kuti izioneka ya malata, ife awiri titakhalamo kumbuyo kwa dalaivala.

Sakina anaiyang'ana nthawi yaitali. "Enifa, usakwiye. Ili ndi lichero."

"Ndi mbale!"

"Ndi lichero, mnzanga. Langotsala gaga."

Ndinam'tsina, tinaseka, n'kuzisiya choncho. Sitinadziwe kuti tikuseka moto.

Kwathu Sakina sakanalowa, kwawo ine sindikanalowa. Ndiye tikaweruka tinkakhala pa khonde la sitolo yotsekedwa kumapeto kwa msika, pafupi ndi mtengo wa bwemba. Anthu ankapewa pamenepo. Mwini wake anali a Saidi Mateyu, wolemba zikwangwani, amene anamwalira ife tili ku pulaimale. Bambo awo anali Msilamu, mayi awo Mkhristu, ndipo iwowo anapenta mwezi ndi nyenyezi pa mzikiti, anapentanso mtanda pa tchalitchi chathu. Anthu ankawanena kuti ndi nanzikambe, ena ankati ndi mfiti chifukwa akaona nkhope yako kamodzi ankatha kuijambula patapita chaka. Atamwalira, a ku mzikiti anati ndi wa ku tchalitchi, a ku tchalitchi anati ndi wa ku mzikiti, mpaka anakaikidwa pa kamalo kapakati pa manda awiriwo. Amayi anga ankati akamawatchula, "Mapanga awiri avumbwitsa," uku akuloza m'mwamba ndi dzanja lawo lija la kachala komalizira kopindika, kamene ankati anakaphwanya ndi munsi ali mwana.

Ife za ufiti wawo sitinasamale. Pansi pa zenera la sitoloyo panali thabwa logwedera, kuseri kwake kamphako. Mmenemo ndi mmene tinkabisa kope ndi pensulo tikamapita kunyumba.

Choyamba kudabwitsa chinali pensuloyo. Tinasiya yaitali, mawa lake tinapeza yafupikako. Mkuja, yafupikanso. Timakoko take tinali titaunjikidwa pakona pa khonde mwaudongo, osati mmene ine ndimasongolera, kumwaza paliponse. Ndinati mwina Sakina amabwera yekha kudzalemba mawu. Labala nayenso anasowa masiku awiri, kenaka anabwerera atatha mbali imodzi.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, tikuchokera kusukulu pa kanjira ka pakati pa milambe, tinakumana ndi mkulu wina akukankha njinga. Malaya ake anali ndi madontho a mitundu yonse, ndipo ku mahandulo kunali kutapachikidwa zitini. Nkhope yake sindingakuuzeni, chipewa chinali chitatsika, komanso ife ana a ulemu tinkayang'ana pansi. Tinapatuka n'kupereka moni.

"Ndili bwino, ana anga," iwo anatero. "Koma mlendo wanu uja mwam'manga manja kumbuyo ngati wakuba. Walakwanji?"

Tinaseka mwamanyazi chabe, iwo n'kupitirira. Fungo la penti linatsala m'njiramo. Titayenda pang'ono Sakina anandigwira mkono.

"Iwe, kope lija unaonetsa munthu?"

"Ayi. Iwe?"

"Ayi." Kenaka anati, "Zitini zija zimagundana, ndinaziona. Koma iwe unamva kulira?"

Tinatembenuka. Njirayo inali yoongoka mpaka kumsewu waukulu, ndipo munali mbuzi ziwiri zokha.

Mawa lake titatsegula kope, Bambo Nguli anali atatulutsa manja m'thumba. Abale inu, manja! Zala zazitali zokongola, timakwinya pa mfundo, zikhadabo zomwe. Pa tsamba lina ankapereka moni, pa lina ankanyamula chikho cha thobwa kachala kamodzi katatukuka ngati bwana. Palibe chimene chinasinthidwa kupatula manja okhawo. Ine ndinadumphadumpha ndi chimwemwe, mumtima ndikuti Sakina ndi wachinsinsi bwanji, akufuna kundisangalatsa. Iyenso ankangomwetulira, akuti mumtima mnzanga waphunzira. Sabata yathunthu tinakhala choncho, aliyense akuyamikira mnzake chamumtima. Ine ndinafika pochita dala, kumasiya mikono yopanda manja, m'mawa n'kupeza atha. Ogulitsa tomato m'nthanomo anapeza manja, shehe anapeza manja, abusa anapeza manja. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Lolemba linalo, tili pa khonde paja, ndinalephera kupirira. "Sakina, bwanji sunandiuze kuti umatha manja chonchi? Undiphunzitse."

Anasiya kutafuna mzimbe. "Ine? Ine ngakhale dzira ndikajambula limatuluka mbatata. Si iwe kodi?"

"Usandiseweretse."

"Walahi, Enifa."

Sakina salumbira mwachisawawa. Tinatsegula masamba limodzilimodzi, ndipo m'pamene tinaona chimene maso athu ankachidumpha masiku onsewo. Pakona yapansi pa tsamba lililonse lokhala ndi manja panali kananzikambe kakang'ono ngati njere ya mpunga, mchira utapiringizika. Sakina anakweza maso pang'onopang'ono n'kuloza khoma la sitolo. Pamenepo panali zithunzi zakale zofufuma, nsomba, botolo, mitu ya anthu ometa bwino. Pakona ya chilichonse panali kanyama komweko.

Ndiye tinamva. M'kati mwa sitolo yokhoma ndi loko wadzimbiri, masana dzuwa likuswa mtengo, msika ukusokosera chapatali, munkamveka kwee, kwee, kwee. Phokoso la munthu akusongola pensulo ndi lezala, mosafulumira.

Ine ndinatsinzina n'kuyamba Atate Wathu wa Kumwamba. Sakina anatambasula manja n'kuyamba mapemphero ake a Chiarabu. Mapemphero awiri pa kope limodzi, aliyense akukweza mawu kuti a mnzake asachepe mphamvu. Nditati ameni, iye amina, phokoso lija linaleka. Kenaka pensulo yathu inagubuduzika kuchokera pansi pa chitseko, n'kudzaima pa chala changa cha kuphazi. Inali yosongoledwa bwino kuposa mmene ndinaionerapo.

Musafunse amene anayamba kuthamanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinafika kunyumba nsapato imodzi kumanja, kope lili m'chikwama. Ndinalibisa pansi pa matiresi, ndipo kumeneko ndiye kunali kulakwa kwanga. Lachitatu Amayi anatulutsa zogonera kukayanika padzuwa.

Nditabwera kusukulu ndinawapeza atakhala pakhomo, kope lili pamiyendo, atatsegula pa tsamba la mbale ija.

"Mayo ine, Enifa! Lichero! Mwana wanga m'lichero, pamwamba pa madenga a anthu, pamodzi ndi mwana wa ku mzikiti ndi chinthu cha maso atatu!"

"Amayi, ndi mbale youluka."

"Mbale ya ndani inaulukapo? Ine ndakula ndikudziwa chinthu chimodzi chokha chimene chimauluka ndi anthu m'kati popanda injini, ndipo okwera ake sapita kutchalitchi. Mwapitako kangati?"

"Kuti, Amayi?"

"Usandiyankhe! Ndinakuuza ine za anthu amenewa."

Mungaseke lero, koma Amayi sankaseka. M'maso mwawo munali mantha enieni. Anakhomera kope lija m'sutikesi yachitsulo mmene ankasungamo yunifolomu ya Mvano, kiyi n'kumanga pa mfundo ya chitenje, kenaka ulendo wa ku shopu ya a Twaibu. Msika wonse unamva. Amayi akuti mwana wanu akuphunzitsa wanga kutamba. A Twaibu akuti wanuyo ndiye wajambula wanga n'kumukweza m'lichero, mawa amukweza pa benchi ya tchalitchi. Amake Sakina anali pomwepo akusita zovala, ndipo anthu akuti sananene kanthu, anangoyang'ana pansi mpaka malaya a kasitomala anapsa. Pomaliza mpingo ndi mzikiti zinagwirizana chinthu chimodzi kwa nthawi yoyamba: Loweruka m'mawa kope liwotchedwe onse akuona, ndipo ana awiriwa asadzaonanenso.

Lachinayi kusukulu Sakina anakhala kumapeto kwenikweni kwa desiki. Sanandiyang'ane. Anangokankhira kwa ine kapepala kolembedwa kuti, "Lamulungu akukandisiya kwa azakhali ku Namwera. Ndizikaphunzira komweko." Ndinalira, sindibisa. Ndinalira m'kalasi la anthu makumi asanu ndi atatu, mamina ndi misozi pamodzi, ndipo sindinasamale amene akundiona. Kope likanapsa ndikanagula lina, koma Sakina wina ndikanam'tenga kuti?

Masiku amenewo m'nyumba mwathu munayamba kununkha penti. Amayi ananunkhiza makoma, ananunkhiza mwana wa neba, osapeza kanthu. Lachisanu m'mamawa, ndikusesa, ndinawaona ataima pakhomo la kuchipinda kwawo khutu litatcheredwa. M'sutikesi muja munkamveka kwee, kwee, kwee.

"Makoswe," iwo anatero, osandiyang'ana.

"Inde, Amayi. Makoswe."

Anatenga Baibulo n'kuliika pamwamba pa sutikesiyo. Phokoso linaleka kanthawi, ngati munthu amene waimirira kupereka ulemu, kenaka linapitiriza pang'onopang'ono. Amayi anawonjezerapo buku la nyimbo.

Loweruka linafika. Amayi anakoleza mbaula pabwalo. A Twaibu anabwera atavala mkanjo woyera, kumbuyo kwawo amake Sakina, kumbuyo kwenikweni Sakina maso ali ofiira. Anakhala pa mkeka mbali iyi, ife mbali iyo. Amayi ndi amake Sakina sanapatsane moni. Sichinali chachilendo, moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo akupatsana moni, ngakhale ankagula tomato pa benchi imodzi.

Amayi anamasula kiyi, n'kutsegula sutikesi pamaso pa onse. Pamwamba pa bulauzi yoyera ya Mvano panali timakoko ta pensulo titaunjikidwa mwaudongo. Anatisasa msangamsanga, n'kunyamula kope ndi zala ziwiri kulunjika nalo ku moto.

"Taimani kaye, mayi," anatero a Twaibu. "Ine ndi telala, sindidula nsalu ndisanaitambasule. Ndione chimene tikuwotcha."

Anavala magalasi n'kuyamba tsamba loyamba nkhope itakwinyika. Tsamba lachiwiri, masharubu anagwedera. Atafika pamene makina a Bambo Nguli anayeza telala wina n'kulemba kuti "Uyu walonjeza madiresi asanu Loweruka, sanadule n'limodzi lomwe," anatsokomola kwambiri mpaka kutembenukira kumbali. Anafika pa tsamba la shehe ndi abusa atabisala mvula pansi pa ambulera imodzi, aliyense akukokera kwa mnzake kuti asanyowe, ndipo anaima pamenepo nthawi ndithu.

"Mawuwa walemba ndiwe, Sakina?"

"Inde, Ababa."

"Hmm. Koma manjawa," anayandikitsa kope kumaso. "Manja awa ndikuwadziwa. Amene anandilembera chikwangwani cha shopu, dzanja logwira sizasi lija…" Sanamalize. Anayang'ana kakona kapansi.

"Pitirizani muone lichero," anatero Amayi. "Musachedwe ndi zoseketsa."

A Twaibu anatsegula mpaka kumapeto. Tsamba lomaliza ife tinalisiya loyera, chifukwa tinali tisanagwirizane mathero a nthano. Koma iwo atafika pamenepo anaika kope pa mkeka, pakati penipeni, kuti aliyense aone.

Tsamba lonse linali lodzaza. Mbale yanga yomwe ija, ndi timizere take topingasa, osakonzedwa ngakhale pang'ono. Kutsogolo Bambo Nguli atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Pansi pake denga la sitolo ya a Saidi Mateyu ndi mtengo wa bwemba, nthambi imodzi itathyoka. Koma kumbuyo kwa dalaivala sikunali ine ndi Sakina. Kunali atsikana ena awiri, ovala yunifolomu yachikale ya ku pulaimale. Mmodzi anali ndi mpata kumano, kukamwa kuli yasa, akulira. Winayo anali ndi mpango kumutu wong'ambika m'mphepete, ndipo kansalu kong'ambidwako anali akumangira kachala komalizira ka mnzakeyo. Manja anayi amenewo, abale anga, ndakhala ndikujambula zaka makumi awiri koma sindinaonepo manja otero. Unkachita kuona kuti awa akunjenjemera, awa akugwira mosamala kuti asapweteke. Pamwamba pa mtsikana wa mpango panali kamtambo ka mawu, koma m'kati mwake munalibe chilembo n'chimodzi chomwe.

Makala okha ndi amene ankathetheka. Ndinaona Amayi akubisa dzanja lawo lamanja pansi pa chitenje, pang'onopang'ono.

Amene anayamba kulankhula ndi amake Sakina, mayi amene ndinali ndisanamvepo mawu awo. Anali akuyang'ana kamtambo kopanda mawu kaja, ndipo analankhula motsitsa, ngati akuwerenga.

"Usalire, Esinati. Ukalira atimva kuti timaba bwemba."

Esinati ndi dzina la Amayi la pa utsikana. Palibe amene ankawaitana choncho, ngakhale malemu Bambo anga. Amayi anatulutsa dzanja lija n'kuliyang'ana ngati ndi la munthu wina.

"Ndinalirabe," iwo anatero.

"Unalira mpaka agalu a msika wonse anauwa."

"Iwe unandibereka kumsana mpaka kwathu, Patuma."

"Ndipo amako anandipitikitsa ndi tsache. Anati ndamangirira mankhwala m'kansalu, n'chifukwa chake chala chapindika."

Amayi anagwira pakamwa. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri. "Ine ndinali pomwepo, ndipo sindinanene kanthu. Ndinaopa kukwapulidwa chifukwa cha bwemba. Zaka makumi awiri ndi zitatu, Patuma, ndakhala ndikunena kuti ndi munsi. Si munsi ayi, si mankhwala ayi. Ndinagwa mu mtengo ndikuba, ndipo munthu mmodzi yekha amene anandithandiza ndinamusiya atchedwe mfiti."

"Tinali awiri okha kuseri kuja," anatero amake Sakina. "Ndimayesa palibe anationa."

"Analipo wina pa khonde," anatero Amayi. "Ankapenta nsomba."

Kamphepo kanadutsa pabwalopo, ndipo aliyense anamva fungo lija, ngakhale palibe amene analitchula. Kenaka amake Sakina anakhwekhwereza mawondo kudutsa mkeka wonse, n'kutenga dzanja la Amayi m'manja mwawo onse awiri, chimodzimodzi ngati pa tsambalo. Anagwedeza kachala kopindikako n'kunena kuti, "Komatu ndinamanga moipa, eti? Taonani chikhalire." Amayi anaseka akulira, amake Sakina analira akuseka, ndipo ine ndi Sakina tinangoyang'anana kukamwa kuli pululu. Amayi anga, a Mvano, akuba bwemba!

A Twaibu anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Kenaka anatulutsa cholembera cha m'thumba la mkanjo n'kupatsa mwana wawo.

"Mwini wake wasiya malo a mawu. Mawu ndi ntchito yako, si choncho? Lemba zimene anena amakozo."

Sakina analemba. Atamaliza anafunsa osakweza mutu, "Nanga za ku Namwera, Ababa?"

"Ku Namwera kuli chiyani? Azakhali ako ali ndi ana awo okwana." Anayang'ananso tsambalo, n'kupendeketsa mutu. "Koma Enifa mwana wanga, ndikuuze zoona. Ili ndi lichero ndithu."

"Ndi mbale!" Ndinakuwa ndisanakumbuke kuti ndikulankhula ndi munthu wamkulu. Bwalo lonse linagwa nacho chiseko, ndipo Amayi anati popeza makala ayaka kale, asapse pachabe, n'kuikapo ketulo ya tiyi. Anakazinga zitumbuwa amake Sakina akuona botolo la mafuta ndi maso awo, uku akunyozana za mchere.

Loweruka lotsatira tinapita mabanja onse awiri ndi makasu pa kamalo kaja kapakati pa manda awiri. Tinalima udzu, a Twaibu anapemphera mwa kwawo, Amayi anaimba nyimbo ya m'buku. Ine ndinasiyapo pensulo yatsopano, yosasongola. Pobwerera Sakina anandinong'oneza kuti wamva belu la njinga kuseri kwa milambe, koma ndakuuzani kale kuti ameneyu amathira mchere wambiri.

Tsono mukufuna kudziwa ngati anali iwowo? Ine nkhope sindinaione, ndipo sindilumbirira chimene sindinaone. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Suzumirani pakhomo apo. Mwaona agogo awiri aja pa mkeka, wa mpango ndi wa duku la Mvano, akulimbirana lichero la mpunga? Akhala akukangana choncho kuyambira Loweruka limenelo, tsiku ndi tsiku, kubweza zaka zimene anataya. Mawa pa ukwati wa mng'ono wake wa Sakina muwaona akuvina atagwirana manja, ndipo muyang'ane bwino dzanja limene amake Sakina amakonda kugwira.

Ine lero ndimadya za kujambula, Sakina akulembabe mawu, ndipo Bambo Nguli makina ake sanakonzedwebe. Manja? Aaa, manja mpaka lero sindiwatha, ndikayesa limatuluka phava la nthochi lomwe lija. Ndimangosiya mikono yopanda kanthu, kope n'kuliika pa zenera pamodzi ndi pensulo. Koma tsegulani buku langa lililonse muone ngati muli munthu woika manja m'thumba.

Yanga yathera pomwepa, mbatatesi zanu ndiye sizinathe. Iwe wa mpeni wobuntha, bweretsa kuno ndikunolere, usanaitane eni ake odziwa kusongola.